Mtumiki Amene Anasanduka Sajeni: Mbiri ya Liu la *Sergeant*

Pa maina onse a maudindo a usilikali amene Angerezi anafika nao kuno, palibe limene linazika mizu m'Chichewa koposa la *sajeni*. Jenerali timangomumva pa wailesi, koma sajeni ndiye amene anthu a m'midzi anamuona ndi maso ao, akulemba anyamata usilikali, akugubitsa anzake pa bwalo, kapena atakhala pa tebulo la ku polisi ndi buku la milandu. Liuli linachokera ku liu la Chingerezi la *sergeant*, limene lakhala m'chiyankhulocho zaka zoposa 800. Pa nthawi zosiyanasiyana liu lomwelo latanthauza wantchito wa pakhomo, mwini munda, msilikali wa pa kavalo, loya wamkulu, wogwira anthu a ngongole, mkulu wondandalika gulu lonse la nkhondo, ndiponso munthu wa mizere itatu pa mkono amene tikumudziwa ifeyu. Mfundo ya pepala lino ndi yakuti pansi pa matanthauzo onsewa pali ganizo limodzi losasintha, la munthu wogwira ntchito ndi mphamvu za mwini wina, ndi kuti ulemu wa liuli unkakwera kapena kutsika malinga ndi ukulu wa mwini wotumikiridwayo.

Tsinde lake

M'Chilatini kapolo ankatchedwa *servus*, ndipo kutumikira kunali *servire*. Kuchokera ku mneni ameneyu kunapangidwa liu la *serviens*, ndiye kuti wotumikira, limene pokhala pamtherankhani m'chiganizo linkaoneka ngati *servientem*. Maina ambiri a Chifalansa anachokera ku maonekedwe achiwiriwa. Pamene Chilatini cha anthu wamba chinali kusanduka Chifalansa, *v* wotsatidwa ndi *i* kapena *e* kutsogolo kwa lembo lina la liu anaphatikana naye nakhala mvekero wonga *j* wathu wa m'liu loti *jekete*. Motero *cavea*, khola, linakhala *cage*. *Diluvium*, chigumula, linakhala *déluge*. Ndipo *servientem* linakhala *serjant* kapena *sergent*. Afalansa eni ake anadzaufewetsa mvekerowu m'zaka za m'ma 1200, koma Angerezi, amene anali ataubwereka kale, anausunga monga anaumvera. Choncho *j* amene Mchewa amatchula ponena kuti *sajeni* ndi mvekero umene ku Paris unaleka kumveka m'liuli zaka 700 zapitazo.

Liuli linaoloka nyanja potsatira nkhondo ya ku Hastings ya mu 1066, pamene William wa ku Normandy analanda ufumu wa England. Kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa ndicho chinali chiyankhulo cha ku nyumba ya mfumu, cha m'mabwalo a milandu ndi cha akuluakulu a nkhondo. Mau akale a Chingerezi onena za gulu la nkhondo, monga *here* ndi *fyrd*, anafota, ndipo m'malo mwake munalowa *army*, *battle*, *soldier*, *captain*, *lieutenant*, onsewa a Chifalansa. *Sergeant* likuyamba kuoneka m'zolembedwa za Chingerezi cha m'ma 1200, ndipo pamenepo silikunena za nkhondo ai: likungotanthauza wantchito. Pa nthawi yomweyo linalowanso *servant*, lochokera ku mneni yemweyo. Mau awiriwa ndi mapasa. Kwa kanthawi ankasinthana malo, mpaka lina linatsalira ku khitchini, lina linapita ku bwalo la mfumu.

Sikuti ndi liu lokhali limene linayenda njira yotere. *Knight*, dzina la ankhondo aulemu a pa kavalo, m'Chingerezi chakale linali *cniht*, mnyamata kapena wantchito, ndipo mbale wake wa m'Chijeremani, *Knecht*, akadatanthauzabe wantchito wa pa munda. *Marshal* poyamba anali wosamalira akavalo. *Constable* anali kapitao wa khola la akavalo; ku France anakwera mpaka kukhala mkulu wa asilikali onse a mfumu, udindo umene unathetsedwa mu 1627, pamene ku England liulo linatsika mpaka kukhala dzina la wapolisi wotsikitsitsa. Ngakhale *minister*, amene ife timati nduna, m'Chilatini anali mtumiki. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Kumene mphamvu zonse zili mwa munthu mmodzi, amene amamutsegulira chitseko ndi kumugwirira kavalo amakhala pafupi ndi mphamvuzo koposa mwini chuma wokhala kutali. Achikulire amene anaona mmene mesenjala wa kwa DC ankalandiridwira pa mudzi akuidziwa bwino nkhaniyi.

Munda, lupanga ndi ndodo

Mu ulamuliro wa mafumu a Chinomani dziko lonse linali la mfumu, ndipo aliyense wokhala ndi malo ankalipira ndi utumiki wina wake. Ena ankapereka ankhondo a pa kavalo kwa masiku 40 pa chaka. Ena ankapatsidwa malo kuti azichita ntchito imodzi yotchulidwa, ndipo kakhalidwe kameneka kankatchedwa *serjeanty*, mwini wake *serjeant*. Ntchitozo zinali za mitundumitundu: kusunga mbalame zosakira nyama za mfumu, kulondera nkhalango, kunyamula mbendera, kugwira beseni pamene mfumu ikusamba m'manja pa tsiku lolongedwa ufumu. Chikalata cha Magna Carta cha mu 1215 chimatchula anthu okhala ndi malo popereka kwa mfumu tinthu tating'ono monga mipeni ndi mivi. Mwini malo a Scrivelsby, m'chigawo cha Lincolnshire, ntchito yake inali kulowa pa kavalo atavala zida m'nyumba ya phwando la kulongedwa kwa mfumu ndi kuitana aliyense wotsutsa ufumuwo kuti amenyane naye. Mwambowu unachitika komaliza mu 1821, polonga George IV, koma banja la Dymoke, eni malowo, linapitiriza kupatsidwa gawo, ndipo mu 2023 mmodzi wa iwo ananyamula mbendera ya mfumu polonga Charles III.

Pa nkhondo penipeni, m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, *sergeant* anali msilikali wotsika kwa *knight*, kaya wa pa kavalo kaya wa pansi. Kusiyana kwao kunkaoneka pa malipiro. M'magulu a nkhondo a Edward I, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, *knight* ankalandira mashiling'i 2 pa tsiku, *sergeant* wa pa kavalo shiling'i imodzi, ndipo woyenda pansi wamba makobiri 2. Mwini malo wolephera kutumiza *knight* mmodzi ankaloledwa kutumiza *sergeant* awiri m'malo mwake. M'gulu la amonke ankhondo a Templar kusiyanaku kunkaoneka ndi pa zovala: akuluakulu ankavala zoyera, *sergeant* zakuda kapena zofiirira. Tizindikire kuti pa nthawiyi liuli silinali kunena za munthu wolamula anzake monga lero. Linkangonena za mtundu wa msilikali, wosabadwira m'banja la ulemu koma wokhala ndi zida zokwanira.

Panalinso gulu laling'ono la alonda a mfumu yeniyeniyo, otchedwa *serjeants-at-arms*, onyamula chibonga chachitsulo chokhala ndi chizindikiro cha ufumu. Popeza anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, chibongacho ndicho chinali kalata yao: wochiona ankadziwa kuti womugwirayo wabwera m'dzina la mfumu. Mu 1415 mmodzi wa iwo, Nicholas Maudit, anaperekedwa kuti azitumikira Nyumba ya Malamulo. Chibonga chija chinasanduka ndodo yokongoletsedwa imene imagonekedwa pa tebulo aphungu akamakumana, ndipo popanda iyo nyumbayo singakambe nkhani. Nyumba ya Malamulo ya Malawi inatengera mwambo womwewu pamodzi ndi dzina la udindowo. M'mizinda namo munali ma*sergeant* a bwalo, ogwira anthu olephera kubweza ngongole. Ndi tanthauzo limeneli limene Shakespeare anali nalo m'mutu pamene, kumapeto kwa sewero la *Hamlet*, anayerekeza imfa ndi *sergeant* wosamva kudandaula kwa womangidwa.

Atumiki a malamulo

Tanthauzo limene lingadabwitse koposa woŵerenga wa lero ndi la loya. Kuyambira cha m'ma 1300, maloya apamwamba kwambiri a ku England ankatchedwa *serjeants-at-law*, m'Chilatini *servientes ad legem*, atumiki a pa malamulo. Anali kagulu kochepa, ndipo munthu ankalowamo pokhapokha ataitanidwa ndi kalata ya mfumu, atagwira kale ntchito ya uloya zaka zambiri. Kulowako kunali kodula: ankachita phwando la masiku angapo ndi kugawira akuluakulu mphete zagolide. Chizindikiro chao chinali kachipewa koyera kothina, kamene sankakavula ngakhale pamaso pa mfumu. Iwo okha ndiwo ankaloledwa kuimira anthu m'bwalo la Common Pleas ku Westminster, kumene kunkakambidwa milandu ya malo ndi ya ngongole, ndiye kuti milandu ya ndalama zambiri. Ndipo palibe ankakhala woweruza m'mabwalo akuluakulu asanakhale *serjeant*. N'chifukwa chake oweruza ndi maloyawa ankaitanana kuti mbale. Pakati pa anthu a pa ulendo a m'buku la Chaucer la *The Canterbury Tales*, lolembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, pali mmodzi wa maloya otere, munthu wolemera ndi wodziwa kugula malo.

Kugwa kwao kunayamba pang'onopang'ono. Mu 1604 Francis Bacon anapatsidwa kalata yomutcha loya wa mfumu ngakhale sanali *serjeant*, ndipo udindo watsopanowu, wa *King's Counsel*, unakula mpaka kuphimba wakale uja. Pamene Dickens ankalemba *The Pickwick Papers* mu 1836 ndi 1837, *serjeant* wake wotchedwa Buzfuz anali munthu wosekedwa, wa mau ambiri opanda kanthu. Mu 1846 bwalo la Common Pleas linatsegulidwa kwa maloya onse. Lamulo lokonzanso mabwalo la mu 1873 linachotsa lamulo lakuti woweruza ayambe wakhala *serjeant*, ndipo mu 1877 otsalawo anagulitsa nyumba yao ya ku London nagawana ndalama. Womaliza ku England, Nathaniel Lindley, anamwalira mu 1921. Ku Ireland dzinali linakhalitsako: A. M. Sullivan, amene anaimira Roger Casement pa mlandu woukira boma mu 1916, anatchedwabe *serjeant* mpaka imfa yake mu 1959. Chotsala lero ndi maina ochepa, monga la *Common Serjeant of London*, mmodzi wa oweruza akuluakulu a ku Old Bailey. Panalinso dokotala wa mfumu ndi wojambula wa mfumu okhala ndi dzina lomweli. William Hogarth anakhala *Serjeant Painter* mu 1757.

Kwa zaka zoposa 500, tsono, Mngerezi ankatha kutchula ndi liu limodzi loya wodya ndi mafumu ndi munthu wogwira anthu a ngongole pa msika, popanda wosokonezeka. Chowasiyanitsa chinali mau otsatira, onena za amene akutumikiridwa kapena ntchito yotumikirayo.

Chifukwa chake *major general* ali pansi pa *lieutenant general*

Sajeni wathu wa lero anabadwa m'zaka za m'ma 1500, pamene kamenyedwe ka nkhondo kanasintha. Ankhondo a pa kavalo anagonja kwa magulu akuluakulu a oyenda pansi, ena onyamula mikondo yaitali mamita 5, ena mfuti zoyatsa ndi chingwe. Mphamvu ya gulu lotere inali m'kuima pamodzi: mzere ukangokhota kapena kung'ambika, akavalo a adani ankalowa pomwepo. Panafunika munthu woyenda m'mbali mwa mizere, wouongola, wokankhira wamantha pamalo pake. M'kagulu kalikonse, pansi pa *captain* ndi *lieutenant* wake, munthu ameneyu anatchedwa *sergeant*, ndipo tanthauzoli likuoneka m'Chingerezi kuyambira cha m'ma 1540. Chida chake chinali nkhwangwa ya mpini wautali yokhala ndi mkondo kumutu, imene ankaigoneka chopingasa pa misana ya asilikali poongola mzere. Anainyamula mpaka 1792, pamene anapatsidwa mkondo waufupi, umenenso unachotsedwa mu 1830. Nkhwangwa zomwezo, zitatu zikamangidwa pamodzi ngati mafuwa, ndizo ankamangirirapo msilikali wokwapulidwa.

Koma ntchito yoongola mizere sinali ya m'kagulu kokha. Gulu lalikulu la anthu 1,000 kapena 2,000 linkafunanso wolindandalika, ndipo Asipanya, amene anali akatswiri a nkhondo a nthawiyo, anamutcha *sargento mayor*, sajeni wamkulu. Angerezi anatengera nati *sergeant major*. Ameneyu sanali munthu wamba ai. Anali wachitatu pa gulu lonse, wotsatira *colonel* ndi wachiwiri wake, ndipo ankayenera kudziwa masamu, pakuti kuimika anthu 1,600 kuti mbali zonse zinai zifanane kumafuna kudziwa msanga kuti mizere ikhala 40 ya anthu 40. Pamwamba pa onse, khamu lonse la nkhondo linkaonedwa ngati kagulu kamodzi kakakulu, lokhala ndi *captain general*, *lieutenant general* ndi *sergeant major general*. M'gulu la nkhondo la Nyumba ya Malamulo limene linagonjetsa Charles I ku Naseby mu 1645, mtsogoleri anali Thomas Fairfax, Oliver Cromwell anali *lieutenant general* wa apakavalo, ndipo Philip Skippon anali *sergeant major general* wa oyenda pansi.

Apa ndi pamene liuli linayamba kuwalemera akuluakuluwo. Kaya chifukwa cha kutalika kwa dzina, kaya chifukwa chosafuna kutchulidwa pamodzi ndi wonyamula nkhwangwa uja, mbali yoyamba inagwa. *Sergeant major* anangokhala *major*, ndipo *sergeant major general* anakhala *major general*. Pamene Cromwell anagawa England m'zigawo za asilikali mu 1655, olamula zigawozo ankadziwika kale ndi dzina lalifupilo. Ichi ndicho chimamasula funso limene ophunzira usilikali amafunsa chaka ndi chaka: bwanji *major* amaposa *lieutenant*, koma *major general* ali pansi pa *lieutenant general*? Yankho ndi lakuti m'dzina lachiwirilo muli sajeni wobisika, ndipo sajeni nthawi zonse amakhala pansi pa *lieutenant*. Dzina la *sergeant major*, litasiyidwa lopanda mwini, linadzatoledwanso m'zaka za m'ma 1700 nkupatsidwa kwa wamkulu wa masajeni, kumene lili mpaka lero. Kusakhazikika kwa maudindo pa nthawiyo kukuonekanso m'sewero la *Macbeth* monga linasindikizidwira mu 1623: msilikali wovulala wobweretsa uthenga wa nkhondo koyambirira akutchedwa *sergeant* ndi woyankhula naye, koma m'mbali mwa tsamba walembedwa kuti *captain*.

Akuluakulu atalitaya, liuli linakhala malire pakati pa mitundu iwiri ya anthu. Mpaka 1871 maudindo a pamwamba m'gulu la nkhondo la Britain ankagulidwa ndi ndalama, kotero kuti mwana wa mmphawi, ngakhale adziwe nkhondo chotani, kawirikawiri ankathera pa usajeni. Mizere ya pa mkono inakhazikitsidwa mu 1802. Apolisi a ku London, amene Robert Peel anayambitsa mu 1829, anatenga dzinali pamodzi ndi mizereyo, ndipo linafaliranso ku mapolisi a maiko ambiri olamulidwa ndi Britain. Munthu mmodzi yekha anakwera makwerero onse kuchokera pansi penipeni: William Robertson, amene anali wantchito wa m'nyumba ya anthu olemera asanalembedwe usilikali mu 1877, nakhala sajeni meja, ndipo mu 1920 anakhala *field marshal*. Anayamba ngati *servant*, nadzera pa *sergeant*, nathera pa dzina limene kalelo linali la wosamalira akavalo. Asilikali a pa kavalo olondera mfumu, a Household Cavalry, alibe sajeni ndi mmodzi yemwe. Wa udindowo amatchedwa *corporal of horse*, ndipo chifukwa chimene iwo amakonda kupereka ndi chakuti m'gulu lao simungakhale munthu wotchedwa wantchito. Kufotokoza kotere kumakoma pokamba, koma kumatenga tanthauzo lakale ngati ndilo loona, pamene oyankhula Chingerezi analiiwala kalekale.

Kalembedwe ndi katchulidwe

Liuli lili ndi makalembedwe awiri, la *g* ndi la *j*. Maloya ndi a Nyumba ya Malamulo ya ku London anasunga *serjeant*. Gulu la nkhondo la Britain nalo linalemba choncho m'mabuku ake mpaka 1953, ndipo gulu la The Rifles likulembabe motero. Chachikulu kwa ife ndi lembo lachiwiri. Liu lolembedwa *ser-* limatchulidwa *sa-*. M'zaka za m'ma 1400, *e* wotsatidwa ndi *r* anasanduka *a* m'mau ambiri a Chingerezi. M'mau ena kalembedwe kanatsatira: *sterre* anakhala *star*, *derk* anakhala *dark*. M'mau ena anthu ophunzira, poona zilembo ndi pokumbukira Chilatini, anabweza katchulidwe kakale; *servant* ankatchulidwa *sarvant* ngakhale ndi anthu aulemu m'zaka za m'ma 1700, koma lero ai. M'mau ochepa kalembedwe ndi katchulidwe zinangosiyana mpaka kalekale: *clerk*, *Derby*, *Hertford*, ndi *sergeant*. Maina a mabanja monga Sargent amaonetsa mmene makutu ankamvera. Kenaka, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, anthu a kumwera kwa England analeka kutchula *r* wotsatidwa ndi lembo lopanda liu, pamene a ku Scotland anamusunga. Kusiyana komalizaku kuli ndi ntchito m'gawo lotsatirali.

Ku Zomba

Asilikali oyamba a boma la atsamunda kuno anali Asiki ochokera ku India amene anabwera mu 1891 pa nthawi ya Harry Johnston, ndipo kwa iwo sajeni anali *havildar*. Pambuyo pake kunalembedwa anthu a konkuno, Atonga ndi Ayao poyamba, ndipo pa 1 January 1902 magulu ao anakhala bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri ya King's African Rifles. M'mabataliyoni a ku Kenya ndi ku Uganda munali maina a maudindo a Chituruki, obwera ndi asilikali a ku Sudan, monga *shaushi* ndi *ombasha*, ndipo chiyankhulo chinali Chiswahili. M'mabataliyoni a ku Nyasaland chiyankhulo cholamulira chinali Chinyanja, ndipo maina amene anakhazikika ndi a Chingerezi: *kopolo*, *sajeni*, *sajeni meja*. Amene anawatenga mauwa kupita nao ku midzi ndi asilikali obwerera kuchokera ku Somaliland, ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ku Burma mu 1944 ndi ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Magule a beni, malipenga ndi mganda, ndi kuguba kwao ndi maudindo ao otengera usilikali, anawafalitsa kwa anthu amene sanaonepo kamba ya asilikali.

Malire aja a ku Britain anafika kuno atavala khungu. Kumeneko wotsekereza mwana wa mmphawi chinali chuma; kuno chinali mtundu. Pafupifupi nthawi yonse ya utsamunda munthu wakuda sankapitirira usajeni meja, ngakhale akhale ndi mamendulo a nkhondo ziwiri, ndipo ankachitira sailuti mnyamata wachizungu wongofika kumene. Chikoti, chimene chinaletsedwa kwa asilikali a ku Britain mu 1881, chinakhalabe chololedwa kwa asilikali akuda mpaka 1946. Gulu la nkhondo la Malawi linadzakhala ndi mtsogoleri wake woyamba wachikuda, Graciano Matewere, mu 1972, patapita zaka 8 dziko litalandira ufulu. Chotsatira chake pa tanthauzo ndi chakuti m'Chichewa cha nthawiyo *sajeni* linali ndi ulemu woposa umene *sergeant* linali nao ku England, pakuti ndilo linali nsonga ya makwerero. Ganizo la utumiki silinaoloke nalo konse. Kufanana kwa *kopolo* ndi *kapolo* kwangochitika mwangozi, pakuti *corporal* linachokera ku tsinde lina.

Pali ena amene amati mau onga *sajeni* ndi Chingerezi chopotoka cha anthu osapita ku sukulu. Maganizo otere sapirira akayesedwa. Amene anayamba kunena *sajeni* anatchula *a* pamene Mngerezi amatchula *a*, nasiya *r* pamene ofesala wa kumwera kwa England ankamusiya; wopotoza ndi amene angawerenge zilembo nati *serejeanti*. Tikayerekeza ndi mau ena obwerekera tikuona magulu awiri. *Tchalitchi*, *Malichi* ndi *kalaliki* ali ndi *li* pamalo pa *r* wa m'mau a *church*, *March* ndi *clerk*. *Sajeni*, *kopolo* ndi *meja* alibe. Kumasulira kwanga ndi kwakuti gulu loyambalo linadzera ku mishoni ndi ku sukulu za ku Blantyre ndi ku Livingstonia, kumene aphunzitsi a ku Scotland ankamutchula *r* ndipo ophunzira ankamuonanso pa bolodi, pamene lachiwirilo linadzera pa bwalo la perete, kumene liu linkafika m'khutu lokha, mofuula. *Kalaliki* ndi umboni wabwino pawiri, chifukwa lili ndi *a* wa m'zaka za m'ma 1400 uja pamodzi ndi *r* wa ku Scotland.

Kumapeto kwa liuli kuli vuto lina. M'mau enieni a Chichewa *n* satsatidwa ndi *t* wopanda mpweya. Timati *munthu*, *nthawi*, *nthochi*. Pokumana ndi *nt* wa Chingerezi, chiyankhulo chathu chachita zitatu. Pena chamusandutsa *nd*, monga mu *lendi*. Pena chamulandira monga alili, monga mu *simenti* ndi *pulezidenti*. Mu *sajeni* chinangomutaya *t*, amene ngakhale pakamwa pa Mngerezi samveka kwenikweni m'phatikizo lopanda mphamvu lomalizalo, makamaka dzina la munthu likamatsatira. Liulo linalowa m'gulu la maina a anthu opanda mphatikiram'mbuyo, limodzi ndi *kalaliki* ndi *kapitao*: timati sajeni wabwera, a sajeni abwera polemekeza, ndipo pochulukitsa timamva *asajeni* ndi *masajeni*. M'nyuzipepala mumaonekanso *sajenti*, makamaka ponena za apolisi. Ameneyu ndi wa mbadwo wina, wa anthu amene analiona liulo pa pepala asanalimve, nabweza *t* monga ophunzira a ku England anabwezera *e* mu *servant*. Wolemba dikishonale ayenera kulowetsa onse awiri, koma atsogoze *sajeni*, ndipo pa tanthauzo alembe za msilikali ndi wapolisi yekha. Loya, mwini munda ndi wojambula wa mfumu sanafike ku Zomba.